Kodi Kupumitsa Dzanja Ndi Ulesi?

Mwezi uno ndabwera ndi mlandu woti tiuweruze pamodzi. Si mlandu wa malire a munda, kapena wa mbuzi yolowa m'dimba la eni ake. Ndi mlandu wa munthu ndi dzanja lake lomwe. Ndiyamba ndi chimene ndinachiona ndi maso anga kuno ku Misesa, pakuti ndicho chinandisowetsa tulo.

Tiri ndi mnansi wathu, mai wamasiye wa ana anai, amene nchito yao ndi kuswa miyala. M'mawa uli wonse akhala pansi pambali pa mseu, nyundo m'dzanja lamanja, mwala m'dzanja lamanzere, naphwanya kufikira dzuwa litapendeka. Ndipo omanga nyumba adza kudzagula miyalayo pa wilibala. Miyezi yapitayo anayamba kudzuka pakati pa usiku zala zitachita dzanzi, zikulasalasa monga ngati munthu ali kuzibaya ndi singano. Amati akakutumula dzanjalo, dzanzi lichoka pang'ono, nagonanso. Madzulo mwana wao wamkazi amawasisita mkono ndi mafuta, ndipo kukacha iwo amatolanso nyundo. Tsiku lina ndinawaona akulephera kutola khobiri limene linagwa pa mphasa. Ndinati, "Mai, dzanjali lipumitseni, mudzaliononga." Iwo anandiyang'ana, nati, "Aphunzitsi, dzanja likapuma, mphika naonso upuma. Nanga anawa adzadya malangizo?" Ndinabwerera kwathu wopanda mau.

Tsono funso ndi ili: kodi mai aja alakwa posapumitsa dzanja, kapena ndinalakwa ndine powauza chinthu chosatheka? Ndipo kupumitsa dzanja lodwala pamene ana ali ndi njala, kodi ndi nzeru kapena ndi ulesi? Sitingathe kuweruza tisanadziwe chimene chichitika m'kati mwa dzanjamo. Chifukwa chake tiyambe pamenepo.

Pa mfundo imene dzanja likomana ndi mkono pali timafupa 8, tosanjana monga chigwa. Pamwamba pa chigwacho, ku mbali ya chikhatho, payalidwa lamba wolimba wosatamuka, ndipo pakati pa mafupa ndi lambayo patsala kampata kopapatiza. M'kampata kameneka mupita zingwe 9 za mnofu, zimene zikoka zala pamene tifumbata, ndiponso mupita mtsempha umodzi wofewa, umene madokotala auchula median. Mtsempha umenewu ndiwo utengera kumva kwa chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati, ndi theka la chala chobvala mphete; ndiwonso upatsa mphamvu mnofu wa patsinde pa chala chachikulu. Pamene zingwe zija zitupa, kapena malo achepa pa chifukwa china, mafupa sasuntha, lamba satamuka. Chimene chipanikizika ndi mtsempha wofewa uja. Nthenda imeneyi m'Chingelezi ichedwa carpal tunnel syndrome. Chizindikiro chake chachikulu ndi dzanzi la usiku m'zala zimene ndachulazi, kachala kakang'ono ka kumapeto kali bwino, pakuti iko kali ndi mtsempha wina. Libwera usiku chifukwa ambiri a ife tigona titapinda dzanja, ndipo kupindako kuchepetsa malo m'kampata muja.

Nthendayi si yachilendo. Dokotala wa ku London, James Paget, analemba za mtsempha uwu wopanikizika pa mfundo ya dzanja m'chaka cha 1854. Ndipo George Phalen wa ku Cleveland, m'dziko la America, anaifotokoza bwino kuyambira mu 1950, natisiyira njira yoyesera imene inunso mungaichite: gundanitsani kumbuyo kwa manja anu, zala zitaloza pansi, mukhale chomwecho mphindi imodzi, ngati dzanzi lidzuka m'zala zija, mwina bvuto liri pamenepo. Akazi aidwala kuposa amuna, pafupifupi katatu. Igwira amai apakati, ndipo kawirikawiri ichoka yokha atachira. Igwiranso odwala shuga, a nyamakazi ya m'mfundo, onenepa kwambiri, amene chithokomiro chao chigwira nchito mofooka, ndi amene anathyokapo pa mfundoyo. Koma iwirikiza mwa anthu ofumbata chida mwamphamvu, kubwereza chimodzimodzi tsiku lonse, makamaka chida chonjenjemera.

Kale mu 1700, dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku la nthenda za anthu a nchito, nalangiza anzake kuti pofunsa wodwala asaiwale kufunsa nchito imene agwira. Iye akadayenda m'mizinda yathu ino akadapeza zolemba zambiri. Akadaona amisiri a ku Ndirande akusula ndowa ndi mbaula, nyundo iri kulira kuyambira m'mawa. Akadaona oomba nsalu a ku Bangwe, atelala a pa makonde a ku Limbe ndi lumo lao, anyamata a kabaza atagwira zigwiriro za njinga yamoto pa miseu ya mabampu ya ku Machinjiri, ndi amai a ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni akufinya mabulangete a eni ake pa ganyu. Onsewa adya ndi manja ao, ndipo onsewa mlanduwu uwakhudza.

Ndichenjeze pano kuti si dzanzi lonse lichokera m'kampata kaja. Dzanzi loyambira ku mapazi onse awiri kawirikawiri ndi la shuga, kapena la mankhwala ena, monga ena a chifuwa chachikulu. Dzanzi lodza ndi mawanga osamva kukhudza pa khungu lingakhale khate, limene lichizika ndithu munthu akafulumira. Lina lichokera m'khosi. Ndipo ngati mkono ufa mwadzidzidzi mbali imodzi, pakamwa napotoka, musasisite konse. Thamangani naye ku chipatala ora lomwelo. Musatemenso mphini pa mfundo ya dzanja, kapena kunena kuti mnzanu wa pa msika wakulodzani. Lumo silifika pamene pali bvuto, ndipo mnzanuyo alibe mlandu.

Tsopano tinene za kusisita. Makolo athu anadziwa kuthowa ndi kusisita munthu wotopa, ndipo sanalakwe. Mnofu umene ukoka zala suli m'zala ai; uli m'mkono, pakati pa mfundo ya dzanja ndi chigongono. Munthu akafumbata nyundo tsiku lonse, mnofuwo uuma ngati chingwe cha uta. Wosisita bwino apaka timafuta, nayamba m'chikhatho, natikita pang'onopang'ono kukwera cha ku chigongono, mphindi zowerengeka chabe, kenaka naongola zala chimodzichimodzi. Sakanikiza mwamphamvu pakati pa mfundo, pakuti pamenepo ndi pamene mtsempha uli kale m'msampha. Ndipo kulasalasa kukakula, aleka. Sasisita pa bala, kapena potupa ndi kutentha, kapena pamene pangothyoka. Pothowa, madzi awayese munthu wina, chifukwa chala cha dzanzi chipsa mwini wake osadziwa. Madokotala amene anayesa kusisita pa nthenda iyi, ngakhale anayesa pa anthu owerengeka, anapeza kuti ululu uchepa kwa nthawi. Chimenecho ndi chabwino, tisachipeputse. Usiku umodzi wa tulo ndi chuma kwa munthu wa nchito. Koma kusisita sikukuza kampata kaja, ndipo sikutamula lamba uja.

Apa ndipo pagona mlandu wathu. Ndiona kuti kusisita kuli kwa mitundu iwiri, ngakhale mafuta ndi amodzi, zala zosisita ndi zomwezo. Pali kusisita kothandiza dzanja kuti lichire, ndipo pali kusisita kolitseka pakamwa kuti mawa likagwirenso monga dzulo. Koyambako ndi chifundo. Kwachiwiriko kufanana ndi munthu wopatsa mboni chiphuphu kuti isanene zimene inaona. Pakuti ululu ndi mboni. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo ululu wa usiku uja ndi mnansi wotero, wodza kudzakuuzani kuti denga liri kudontha mvula isanakule. Anatinso chakudza sichiimba ng'oma, koma nthenda iyi iimba ng'oma miyezi yambiri isanaononge. Poyamba dzanzi lidza usiku wokha. Pambuyo pake lidza ndi usana womwe. Potsiriza likhazikika, ululu nuchepa, munthu nayesa kuti wachira, pamene mtsempha uli kufa. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu uphwa, ndipo munthu alephera kumanga batani kapena kulowetsa ulusi pa singano. Pofika pamenepo ngakhale dokotala sangabweze zonse. Madzi akatayika saoleka.

Nanga munthu adzamva bwanji mboniyo nthawi isanathe? Pano ndi pamene pafunika khalidwe limene masiku ano lichuka ndi dzina la mindfulness. Tanthauzo lake ndi kukhala ndi mtima pa chimene uli kuchita tsopano lino, ndi kumva chimene thupi liri kunena, osachithawa ndi osachikuza. Munthu wina wa ku America, Jon Kabat-Zinn, anayamba kuphunzitsa odwala khalidweli mu 1979 pa sukulu ya udokotala ya ku Massachusetts, m'maphunziro a masabata 8, atalitenga ku miyambo yosinkhasinkha ya Abuda a ku Asia. Lathandiza ena kupirira ululu wokhalitsa, ngakhale nalonso silitsegula kampata kaja. Koma dzina lokha ndilo lachilendo. Makolo athu anali nalo kale pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri a ife tigwira nchito thupi liri pano, mtima uli ku ngongole, ku fizi ya mwana, ku lendi ya nyumba. Munthu wodera nkhawa afumbata chida mwamphamvu yoposa imene nchito ifuna, akweza mapewa, aluma mano, osadziwa konse. Motero nkhawa ya mumtima itsikira m'dzanja.

Makhalidwe amenewa safuna ndalama. Podzuka, musanagwire kanthu, tambasulani zala ndi kuzifumbata pang'onopang'ono, ndi kuzifunsa chimodzichimodzi ngati ziri kumva. Pa nchito, dzifunseni kawirikawiri ngati mungathe kugwira chida mofewerapo, nchito n'kuyendabe; mudzadabwa kupeza kuti mungathe. Yang'anani mfundo ya dzanja, ikhale yoongoka, yosapindikira m'kati kapena kunja. Chigwiriro chowonda chikulungeni ndi nsanza kapena mphira kuti chikule, pakuti chigwiriro chodzaza dzanja sichifuna kufumbata kolimba. Dziikireni chizindikiro chopumira, monga podzaza ndowa ya miyala, kapena potsiriza msoko. Pamenepo ikani chida pansi, gwetsani mapewa, pumani mpweya katatu mosafulumira, kutumulani manja, ndipo muyambenso. Sinthanitsani nchito, yolemetsa ndi yopepuka. Madzulo, m'malo motha ora lathunthu mutapinda dzanja pa foni, khalani chete pang'ono ndi kukumbukira nchito imene inadzutsa dzanzi tsiku limenelo. Chimenecho ndicho dokotala adzakufunsani. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma ndiri kumva mau a mai aja akubwerera: nanga anawa adzadya malangizo? Ndipo ndiyenera kubvomera kuti m'mau amenewa muli choonadi chimene ine ndinachilumpha. Nkwapafupi munthu wodya malipiro a pa mwezi kuuza woswa miyala kuti adekhe. Uphungu wa kudekha ungasanduke nkhanza, ngati tanthauzo lake ndi lakuti wosauka aphunzire kumva ululu mwaulemu, osabvutitsa ena. Munthu angapume mpweya katatu, koma wilibala ifunabe kudzaza, ndipo mtengo wa ufa sutsika chifukwa iye wadekha. Ngati tilekera pa kusisita ndi kudekha, tasenzetsa katundu yense pa mutu wa wodwala, ife n'kuchoka manja ali m'thumba, tikudziyesa anzeru.

Komabe sindingabvomere kuti kupumitsa dzanja ndi ulesi. Ulesi ndi kukana nchito imene ungathe kuichita. Kupuma ndi kusunga mphamvu yochitira nchitoyo mawa. Mlimi amene aleka kulima kuti akhomere khasu logwedera sitimucha waulesi. Wopusa ndi amene alimabe kufikira mpini utasweka pakati pa dzinja. Ndipo khasu ligulika ku msika wa Limbe, koma dzanja siligulika kwina kuli konse. Mai amene atha dzanja lao chaka chino kuti ana adye, adzawadyetsa ndi chiani zaka khumi zikudzazo? Chikondi chao ndi choona, koma chiwerengero chao chalakwika. Ndiponso pali china choposa chiwerengero. Dzanja si kapolo amene tinamgula. Ndi ife tomwe. Munthu amene achitira thupi lake zimene sangalole kuti bwana achitire mwana wake, wadzichepsa yekha, ngakhale achite chifukwa cha chikondi.

Chifukwa chake ndiweruza motere: mai aja anali ndi mangawa kwa dzanja lao, koma sakanatha kuwabweza okha, ndipo pamene munthu ali ndi mangawa oyenera amene sangathe kubweza yekha, mangawawo agwera ife omzungulira. Ine sindinalakwe ponena kuti dzanja lipume. Ndinalakwa ponena ndi pakamwa pokha. Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu sanali kusinja okhaokha. Pa mtondo umodzi panali minsi iwiri, ndipo wotopa amalandiridwa. Munda wa wodwala unali kulimidwa ndi dima. M'tauni muno tasunga mtondo ndi khasu, koma tataya kulandirana, ndipo ndiyesa kuti manja ambiri adwala chifukwa cha chimenecho.

Tsono mlanduwu ukhudza ambiri. Inu abambo, amene akazi anu adzuka usiku kukutumula manja, kodi kufinya bulangete kapena kutunga madzi kudzakuchotserani ubambo? Inu anyamata okhala pa mlatho tsiku lonse, manja anu ali ndi mphamvu imene amai anu anaitaya pokulerani. Inu olemba anzanu nchito, m'sitolo, m'galaja kapena m'nyumba, kumbukirani kuti munagula nchito ya tsiku, simunagule dzanja la munthu. Mpatseni mpata wopuma, chida chabwino, ndi tsiku lopita ku chipatala osamdula malipiro. Wanchito amene aopa kunena kuti dzanja liri kuwawa, poopa kuchotsedwa, ali kukutsutsani ngakhale akhale chete. Ndipo inu odwala, musachite manyazi kupempha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chithandizo chiripo. Yambirani ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, monga cha Limbe, Bangwe, Zingwangwa, Ndirande kapena Chilomoni, kumene angakuyeseni shuga ndi zina, ndi kukutumizani ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene chinatsegulidwa mu 1958, ngati pafunika kutero. Mu Blantyre momwemuno muli Kachere, malo ophunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso nchito. Mankhwala oyamba ndi opepuka: chomangira choongola mfundo ya dzanja pogona, chobvala masabata angapo, chosathina. Chikalephera, pali jakisoni wophwetsa kutupa m'kampata muja, amene athandiza kwa nthawi. Ndipo pamene dzanzi lakhazikika kapena mnofu wayamba kuphwa, pali opaleshoni yaing'ono yodula lamba uja kuti mtsempha upeze malo. Ambiri apeza bwino, makamaka ofika msanga. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Muli kufunsa za mai aja. Patapita masiku ndinabwererako, osati ndi malangizo, koma kukalankhula ndi mwana wao wamwamuna wamkulu ndi mlongo wao wa maiwo, amene akhala chapafupi. Tinakhala pa khonde nthawi yaitali, ndipo mau ena anali owawa. Potsiriza mnyamatayo anabvomera kugwira nyundo masana akaweruka ku sukulu ndi Loweruka, mai n'kumasankha miyala, kuyeza ndi kugulitsa. Mlongo wao anawaperekeza ku chipatala. Tsopano agona atamanga dzanja, ndipo adzuka kamodzikamodzi. Sindinena kuti achira. Chala cha mkombaphala chikali ndi dzanzi, ndalama zolowa m'nyumbamo zachepa, ndipo mtima wanga suli pa mtendere poona mwana wa sukulu ali ndi nyundo, pakuti nayenso ali ndi dzanja, ali ndi mabuku omdikira. Mlanduwu sunathe bwino lomwe, ndipo sindifuna kukunamizani kuti unatha. Koma mwana wamkazi uja akali kusisita amake madzulo, ndipo tsopano kusisitako ndi kwa mtundu woyamba uja.

Abale, usiku uno musanagone, tambasulani manja anu pa kuwala kwa nyali, muwayang'ane bwino, pakuti akhala akukudyetsani zaka zonsezi osafunsidwa kanthu. Mukatha, yang'ananinso manja a munthu amene wakuphikirani nsima, ndipo mumfunse ngati agona tulo.